TSEKWE WA KU SENGA BAY NDI LIWU LOTI "SPURWING"

Munthu wochokera pa boma la Salima kulunjika kuvuma amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 20 asanaponde mchenga wa ku Senga Bay. Ambiri oyenda ulendo umenewu maso awo amathamangira pa nyanja, pa mapiri a Senga ndi pa chilumba cha Namalenje, kotero kuti sazindikira kuti kuseri kwa gombelo, chakumpoto, kuli dera lina la madzi osaya, udzu wautali ndi bango. Kumeneko ndiye ku dambo la Mpatsanjoka, ndipo kupitirira pang'ono kuli minda ya mpunga ya ku Lifuwu. M'malo otere ndimo mumakhala mbalame imene imaposa kukula abakha onse am'tchire a mu Africa. Dzina lake pa Chichewa ndi tsekwe.

Mwana wa sukulu akafunsidwa dzina la tsekwe pa Chingerezi amayankha mosazengereza kuti ndi "goose", ndipo mphunzitsi amamuchongera. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi loperewera, monga momwe kungakhalire kuuza mlendo kuti chambo ndi "fish" basi. Alenje ndi anthu okonda kuonerera mbalame, makamaka a m'mayiko a kumwera kwa Africa, ali ndi liwu lina limene limaloza mbalame imeneyi mwachindunji. Liwulo ndi "spurwing". Madikishonale ambiri aang'ono a ana a sukulu salitchula, ndipo Mngerezi wa ku England akhoza kukalamba osalimvapo, pakuti m'tchire la kwawo mbalameyi mulibe. Komabe ndi liwu loyenera kulifatsira, chifukwa limaonetsa poyera chinthu chimene ophunzira ambiri amachiiwala: liwu limamveka bwino pokhapokha munthu atadziwa chinthu chimene liwulo likuimira. Pa liwu ili, mwana wa mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu ali pafupi ndi tanthauzo kuposa mnzake wa mu mzinda wa London.

MAWU AWIRI OLUMIKIZANA

"Spurwing" ndi mawu awiri amene analumikizidwa pamodzi. Liwu lachiwiri, "wing", ndi lodziwika kwa aliyense amene anapondako ku pulayimale, ndipo tanthauzo lake ndi phiko. Angerezi analilandira kwa anthu a ku Scandinavia amene anaoloka nyanja nakhazikika ku England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Liwu loyamba, "spur", ndilo lofuna kumasulira. Katchulidwe kake kamafanana ndi ka "fur" ndi "stir", ndiye kuti chilembo cha u sichimveka monga momwe chimvekera pa Chichewa.

Tanthauzo lake lakalekale ndi kachitsulo kosongoka kamene munthu wokwera pa kavalo amamangirira ku chidendene cha nsapato yake, kuti akafuna liwiro azigunda nako kavaloyo m'nthiti. Liwuli ndi la mtundu umodzi ndi "spurn", limene kale linkatanthauza kukankha ndi phazi ngakhale lero limatanthauza kukana monyoza, ndiponso ndi "spoor", limene alenje amanena potchula mapazi a nyama. Onsewa ndi mawu a ku phazi. Kuchokera pa chidendene cha munthu, liwulo linafika pa mwendo wa tambala, pamene pamamera kanyanga kakuthwa koloza kumbuyo kamene atambala amabayana nako pomenyana. Kanyanga kameneka pa Chingerezi ndi "spur".

Liwuli silinalekere pomwepo. Wophunzira wa Jogalafe amakumana nalo powerenga mapu, pamene limatanthauza kamtunda kotuluka m'mbali mwa phiri kutsetserekera ku chigwa. Anthu a njanji amatchula choncho kanjanji kakafupi kopatuka pa njanji yaikulu. Likakhala mneni, limatanthauza kulimbikitsa kapena kufulumiza munthu, monga wokwera afulumiza kavalo wake. Ngakhale okonda mpira wa ku England amalitchula liwuli sabata iliyonse osalilabadira. Timu ya Tottenham Hotspur, imene inayamba mu 1882, imatchedwa mwachidule kuti Spurs, ndipo pa chizindikiro chake pali tambala woima pa mpira. Dzina loti Hotspur linali la msilikali wina, Henry Percy, amene anafera ku nkhondo mu 1403, ndipo anthu anamupatsa dzinalo poona changu chake pothamangitsira kavalo kumene kuli adani.

Matanthauzo onsewa ali ndi msana umodzi. "Spur" ndi kanthu kosongoka kotuluka pambali pa chinthu chachikulu, ndiponso ntchito imene kanthuko kamagwira. Wophunzira amene wagwira msana umenewu safunikanso kuloweza matanthauzo asanu padera, ndipo akamva kuti "spurwing" amadziwiratu kuti pali mbalame ina imene ili ndi kanyanga m'phiko.

CHIDA CHOBISIKA M'NTHENGA

Ndi momwedi tsekwe alili. Pa mfundo ya phiko, pamene phikolo limapindikira, malo ofanana ndi pamene munthu amavalapo wotchi, pali kanyanga kolimba kosongoka. Mkati mwake ndi fupa lomera kuchokera ku limodzi la mafupa a mfundoyo, ndipo kunja kwake ndi kokutidwa ndi chikopa cholimba chonga chikhadabo. Phiko lililonse lili ndi kake, kwa wamphongo ndi kwa wamkazi yemwe. Mbalameyo ikapinda mapiko, kanyangako kamabisika m'nthenga, koma ikakwiya imatambasula mapiko ndi kumenya nawo, makamaka atsekwe amphongo akamalimbirana malo m'nyengo yoswana. Mlenje amene wagwira tsekwe wovulala mosasamala amaphunzira tanthauzo la "spurwing" ndi dzanja lake lomwe.

Tsekwe ndi mbalame yosasokonekera ndi ina. Wamphongo wamkulu amatalika pafupifupi mita imodzi kuchokera ku mlomo kufika ku mchira, amalemera makilogalamu 5 mpaka 7, ndipo mapiko ake akatambasuka amayandikira mamita awiri. Wamkazi amakhala wocheperapo. Kumsana nthenga zake ndi zakuda zonyezimira mobiriwira dzuwa likawala, kumimba ndi zoyera, mlomo ndi khungu la kumaso ndi zofiira, miyendo ndi yaitali yofiirira. Wamphongo amakhala ndi chotupa pamphumi, pamene mlomo wayambira. Chodabwitsa ndi chakuti mbalame yaikulu chotere mawu ake ndi aang'ono, onga kamluzu kosamveka patali. Imadya udzu wanthete, mbewu za udzu, zomera za m'madzi ndi mbewu za m'munda, ndipo imatera m'mitengo mosavuta.

Imaswana m'nyengo ya dzinja, madambo atadzaza. Chisa chake chimakhala mu udzu wautali kapena m'bango, nthawi zina pa chulu, m'mphako ya mtengo, kapenanso pa chisa chakale cha nantchengwa. Wamkazi amaikira mazira kuyambira 6 mpaka 14, ndipo amawafungatira yekha kwa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. M'nyengo ya chilimwe atsekwe amasonkhana pa madzi aakulu, ndipo nthenga zazikulu za m'mapiko zimathothoka zonse nthawi imodzi, kotero kuti kwa masabata angapo satha kuuluka mpaka zina zitamera.

Akatswiri a sayansi nawonso maso awo anagwera pa kanyanga komweka. Mu 1766 Carl Linnaeus wa ku Sweden analemba mbalameyi m'gulu la abakha naitcha Anas gambensis, kutanthauza bakha wa ku Gambia. Mu 1824 James Francis Stephens wa ku England anaichotsa m'gululo naipatsa dzina la mtundu wakewake, Plectropterus. Dzinali ndi mawu awiri a Chigiriki, "plektron", kanyanga ka tambala, ndi "pteron", phiko. Motero dzina lalitali Plectropterus gambensis, limene wophunzira akhoza kuliona ngati mwala wosasweka, likunena zomwezo zimene mlenje amanena ndi liwu lake lalifupi.

KAGWIRITSIDWE NTCHITO KAKE

Pali zinthu zitatu zofunika kuzisamala pogwiritsa ntchito liwuli. Choyamba ndi kusiyanitsa "spurwing" ndi "spur-winged". M'mabuku a mbalame dzina lathunthu ndi "spur-winged goose", ndipo ndilo loyenera kulemba pa mayeso, m'kalata ya ntchito kapena m'lipoti. Liwu loti "spur-winged" ndi mfotokozi, ndipo silingaime palokha popanda dzina limene likulifotokoza. Linapangidwa mwa njira imene Chingerezi chimaikonda kwambiri, yolumikiza mawu awiri ndi kuika "-ed" kumapeto, monga mu "long-legged", wamiyendo yaitali, kapena "white-faced", wankhope yoyera. Chichewa chimagwira ntchito yomweyo ndi "wa": tsekwe wa kanyanga m'phiko. Koma "spurwing" ndi dzina loima palokha, la pakamwa pa alenje, alimi ndi oonerera mbalame. Munthu akhoza kunena kuti "A spurwing flew over the rice field", kutanthauza kuti tsekwe anauluka pamwamba pa munda wa mpunga. Kunena kuti "a spur-winged flew" ndi kulakwa, chimodzimodzi munthu wonena kuti "ndaona wa" nalekera pomwepo.

Chachiwiri ndi kuchulukitsa. "Goose" akachuluka amakhala "geese", ndipo dzina lathunthu limatsata lamulo lomwelo: "spur-winged geese". Koma "spurwing" amangolandira s kumapeto, "spurwings". Alenje ena salisintha konse, monga momwe amachitira ndi mayina a nyama zina zosaka, koma wophunzira achita bwino kuika s. Polemba, ena amalumikiza mawu awiriwo, ena amaika kamzere pakati, ndipo njira zonse ziwiri zimapezeka.

Chachitatu ndi kupewa kusokoneza. Pali mbalame inanso yaing'ono ya miyendo yaitali, yoyenda m'mphepete mwa madzi, imene ili ndi kanyanga m'phiko ndipo imatchedwa "spur-winged lapwing". Chifukwa cha ichi, pamene pali chikayiko, dzina lathunthu ndilo lothandiza. Palinso liwu loti "spurfowl", limene mabuku atsopano amatchulira mitundu ina ya nkhwali. Nkhwali kanyanga kake kali pa mwendo ngati tambala, ndipo ili m'gulu losiyana ndi la tsekwe. Wophunzira wongoloweza mawu akhoza kusakaniza awiriwa, koma amene anaonapo nkhwali m'munda ndi tsekwe m'dambo sangawasokoneze.

KODI TSEKWE NDI "GOOSE" WENIWENI?

Funso ili limaoneka lachibwana, koma yankho lake limadabwitsa ambiri. Akatswiri a mbalame akamanena za "goose" weniweni amatanthauza mbalame za magulu awiri, Anser ndi Branta, zimene kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi: ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Palibe ndi imodzi yomwe ya zimenezi imene imaswana m'tchire kumwera kwa chipululu cha Sahara. Atsekwe oweta, oyera kapena otuwa, amene amalira mwaphokoso pakhomo, ndiwo a gulu la Anser. Makolo awo ndi tsekwe wam'tchire wa ku Ulaya wotchedwa "greylag" ndi wina wa ku China. Kuchokera ku liwu la Chilatini lomweli kunabadwa mfotokozi wina wosowa, "anserine", wotanthauza chinthu chonga tsekwe.

Angerezi atafika mu Africa anapeza mbalame zam'madzi zimene sanazidziwe, ndipo anazipatsa dzina la mbalame ya kwawo imene inafanana nazo. Muno m'Malawi zilipo zitatu zotchuka zimene zinalandira dzinali. Yoyamba ndi "spur-winged goose", imene akatswiri ambiri amaiika m'gulu lakelake. Yachiwiri ndi "Egyptian goose", yotuwa, yokhala ndi banga lakuda mozungulira diso, imene imapezeka mbali zambiri za Africa ngakhale dzina lake likutchula Egypt yekha. Yachitatu ndi "pygmy goose", kambalame kokongola kotalika masentimita 30 okha, kosafika ngakhale theka la kilogalamu, kamene kamadya mbewu za kakombo wa m'madzi. Kameneka ndi kabakha ndithu, ndipo kanatchedwa "goose" chifukwa cha kamlomo kake kakafupi. Motero liwu limodzi likusenza chimphona ndi kamwana, ndipo mlendo amene wauzidwa kuti ku dambo kuli "goose" sanauzidwe zambiri.

Olankhula Afrikaans anayang'ana mbalame yomweyi naona china. Iwo amaitcha "wildemakou", kutanthauza bakha wam'tchire wa mtundu uja wofiira kumaso umene umawetedwa m'midzi yambiri m'dziko muno. Bakha ameneyu pa Chingerezi ndi "Muscovy duck", dzina loloza ku Moscow, chikhalirecho kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America. Apa pakuoneka kuti mayina a Chingerezi si onse amene amanena zoona, ndipo nkhani ya tsekwe wina wa ku Ulaya ikuonetsa zimenezi bwino koposa.

DZINA LOBADWA M'MPHEKESERA

Chaka chilichonse, m'nyengo yozizira, magulu a atsekwe akuda khosi, oyera nkhope, amafika m'magombe a Ireland ndi Scotland, ndipo kukayamba kufunda amazimirira. Anthu akale a kumeneko sanaonepo chisa kapena dzira la mbalame zimenezi. Mbalameyo ankaitcha "barnacle". Tsono pa matabwa oyandama m'nyanja yamchere pamamatirira tizilombo ta m'zigoba, tokhala ndi kakhosi katali ndi timiyendo tonga nthenga totuluka m'chigobamo. M'nyanja ya Malawi timeneti mulibe, poti madzi ake si amchere. Anthu poona kakhosi ndi tinthengato anagamula kuti amenewa ndiwo ana a atsekwe aja, ndi kuti mbalamezo zimamera pa mtengo ngati zipatso.

Cha m'ma 1188 wansembe wina wophunzira, Gerald wa ku Wales, analemba nkhaniyi m'buku lake lofotokoza dziko la Ireland monga chinthu chimene anachiona yekha, ndipo anaonjeza kuti atsogoleri ena a mpingo kumeneko ankadya mbalamezi m'masiku osala nyama, ponena kuti chobadwa pa mtengo si nyama. Mfumu Frederick II, amene ankalamulira Germany ndi Sicily ndipo anamwalira mu 1250, sanakhutire ndi zakumva. Iye anatuma anthu kumpoto kuti akamutengere matabwa oterowo, nawayang'anitsitsa, ndipo sanapeze kanthu konga mbalame. Maganizo ake anali akuti atsekwewo amaswana kutali kumene anthu safikako.

Mfumuyo inalondola. Mu 1596 amalinyero a ku Holland a pa ulendo wa Willem Barentsz anafika pa zilumba za Spitsbergen, kufupi ndi kumapeto kwa dziko chakumpoto, napeza atsekwe atafungatira mazira. Komabe chaka chotsatira, mu 1597, John Gerard anasindikiza ku London buku lake la zomera muli nkhani ya mtengo wobala atsekwe. Bodza likakhazikika silizuka msanga. Lero ndi zodziwika kuti mbalamezi zimaswana ku Greenland, ku Svalbard ndi kumpoto kwa Russia, ndi kuti tizilombo tija ndi abale a nkhanu. Charles Darwin anatha zaka 8, kuyambira 1846 mpaka 1854, akutifufuza. Koma liwu linali litasamuka kale. Masiku ano "barnacle" amatanthauza kachilombo kaja, ndipo mbalameyo, imene inali mwini dzina, iyenera kutchedwa "barnacle goose" kuti izindikirike.

Akuluakulu amati zakumva zimapweteketsa mutu. Mayina awiriwa akaikidwa pamodzi, phunziro lake ndi loonekeratu. "Barnacle" ndi dzina limene linasokonekera chifukwa eni ake sanaone chisa cha mbalameyo. "Spurwing" linapangidwa ndi anthu amene anaigwira mbalame m'manja nayang'ana phiko lake. Wophunzira Chingerezi ayenera kudziwa kuti mawu a mitundu iwiri yonseyi alimo m'dikishonale, ndipo chowasiyanitsa ndi kuona chinthucho ndi maso.

CHILANKHULO CHIMALEMERA PAMENE ENI AKE AMAGWIRA NTCHITO

Ophunzira ena akaona kuchuluka kwa mawu a Chingerezi onena za tsekwe amagwa mphwayi, namaganiza kuti Chichewa ndi chosauka. Zoonadi mawuwo ndi ambiri. Wamphongo ndi "gander", mwana ndi "gosling", gulu likakhala pansi ndi "gaggle", likamauluka mondondozana ndi "skein". Koma chifukwa chake ndi chapafupi. Angerezi akhala akuweta atsekwe kwa zaka mazanamazana. Ankadya nyama yake pa zikondwerero, ankagonera nthenga zake, ndipo zolembera zachitsulo zisanachuluke cha m'ma 1820, ankalembera nthenga ya m'phiko la tsekwe. Liwu loti "pen" lomwe linachokera ku "penna", nthenga pa Chilatini. Mpaka lero mu mzinda wa Nottingham mumachitika chionetsero cha chaka ndi chaka chotchedwa Goose Fair, chimene dzina lake limakumbutsa malonda a atsekwe.

Chichewa chimachita chimodzimodzi pa nkhuku, mbalame imene ili pakhomo paliponse: tambala, thadzi, msoti, chipsolopsolo, mwanapiye. Pa gombe la Senga Bay chuma cha mawu ndi chochuluka koposa. Msodzi sanena kuti wapha nsomba chabe. Amatchula usipa, utaka, chambo, mcheni, kampango, bombe, mpasa kapena sanjika, ndipo pa mayina ambiri mwa amenewa Mngerezi wokhala m'dziko muno amangobwereka liwu lomwelo. Mphepo nayonso ili ndi mayina ake, mwera, mpoto ndi vuma, ndipo msodzi wosazisiyanitsa amaika moyo wake pachiswe. Chilankhulo chilichonse chimachulukitsa mawu pamene eni ake amapezerapo chakudya. Mwana wa kunyanja, tsono, amalowa m'kalasi ali kale ndi luso losiyanitsa zinthu ndi kuzitchula mayina, ndipo luso limenelo ndi lomwe phunziro la Chingerezi limafuna.

KWA APHUNZITSI NDI OTSIRIZA SUKULU

Aliyense akudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka. Mantha amenewa ndiwo amachititsa kuti m'makalasi ambiri mawu aziphunzitsidwa ngati mndandanda wa katundu: liwu la Chingerezi kumanzere, la Chichewa kumanja, ana aloweze pofika Lachisanu. Njira imeneyi imabala ophunzira odziwa kuti "goose" ndi tsekwe, koma osadziwa kuti ndi tsekwe uti, ndipo mayeso akatha mawuwo amauluka. Mphunzitsi wa sukulu ya m'mbali mwa nyanja ali ndi njira ina pafupi. Akhoza kutenga liwu limodzi lotere, kuliphwanya pawiri pamaso pa ana, kuwatuma kuti akayang'ane mwendo wa tambala kunyumba, ndi kuwafunsa kuti apeze "spur" pa mapu a Jogalafe. Pa phunziro limodzi ana aphunzira dzina, mfotokozi, mneni ndi kachulukitsidwe, ndipo zonsezo zamangirira pa zinthu zimene amaziona.

Ntchito ina yaphindu ndi yosonkhanitsa mayina. Mbalame za dziko lino zinalembedwa bwino pa Chingerezi ndi Chilatini. Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930, C. W. Benson ndi F. M. Benson anatulutsa lawo mu 1977, ndipo mu 2006 Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anasindikiza lina lofotokoza mitundu pafupifupi 650. Koma mayina ambiri a m'zilankhulo za muno akadali m'mitu ya asodzi, alimi ndi alenje okalamba. Ku Senga Bay kumamveka Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, ndipo kalasi imene ingapite kwa agogo ndi chithunzi cha mbalame, kukafunsa dzina lake m'chilankhulo chilichonse ndi kulilemba pambali pa la Chingerezi, idzasunga chuma chimene chikhoza kupita kumanda pamodzi ndi eni ake. Safunsa anadya phula.

Kwa wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo akufuna pogwira, nkhaniyi ikukhudza thumba. Mahotela ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay amalandira anthu amene ena mwa iwo amayenda ndi magalasi oonera patali ndi buku la mbalame. Mlendo wotere safuna womuuza kuti uko kuli "big duck". Amafuna munthu wodziwa dzina, wodziwa nthawi imene mbalameyo imatuluka kukadya, ndi njira yofikira pa dambo osaithawitsa. Zambiri mwa izi mnyamata kapena mtsikana wa m'deralo amazidziwa kuyambira ali wamng'ono. Chomwe chimasowa ndi mlatho wolumikiza zimene akudziwazo ndi liwu limene mlendo wabwera nalo.

Pomaliza, mbalameyo iyenera kukhalapo kuti dzina likhale ndi ntchito. Pa Africa yense tsekwe sali pa ngozi yakutha, koma pa dera limodzi akhoza kusowa. Kwa mlimi wa mpunga tsekwe ndi mdani, pakuti gulu lake likatera m'munda limasiya chisoni, ndipo palibe angamudzudzule mlimiyo poteteza thukuta lake. Komanso madambo ambiri m'dziko muno akusanduka minda, udzu woikiramo mazira umatenthedwa, ndipo m'masabata aja amene tsekwe satha kuuluka ndi posavuta kumupha mochuluka. Lamulo loteteza nyama zam'tchire la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017, limafuna kuti wosaka mbalame zotetezedwa akhale ndi chilolezo. Kupirikitsa mbalame m'munda ndi kusiya zisa zake m'dambo ndi zinthu ziwiri zimene zikhoza kuyendera limodzi, ndipo aphunzitsi ndiwo ali ndi mwayi wozifotokozera ana akadali aang'ono.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene adzadzuke mbandakucha nthawi ya dzinja nakaima chete m'mphepete mwa dambo la Mpatsanjoka, nadikira mpaka mbalame yakuda msana, yoyera mimba, itatambasula mapiko ake, ayang'anitsitse pamene phikolo lapindikira. Kanyanga kaja kali pomwepo.